Chinsinsi cha Loya ndi Kasitomala Wake: Pamene Chimayambira ndi Pamene Chimathera

Khothi limadalira umboni, ndipo lili ndi mphamvu zoukoka kulikonse kumene uli. Mboni ikaima italumbira, singakane funso ponena kuti zimenezo n'zanga. Jaji akalamula kuti iyankhe iyenera kuyankha, apo ayi ikhoza kukagona m'ndende chifukwa chonyoza khothi. M'mayiko ambiri amene malamulo awo anachokera ku England, ngakhale dokotala akhoza kukakamizidwa kunena zimene wodwala anamuuza. Banki ikhoza kulamulidwa kubweretsa mabuku a akaunti ya munthu, ndipo mnzanu wapamtima amene munamuululira zakukhosi usiku akhoza kuitanidwa kuti adzazinene masana pagulu. Koma pali khomo limodzi limene jaji amafikapo n'kuima. Zimene munthu anakambirana mwachinsinsi ndi loya wake pofuna uphungu wa zamalamulo palibe angamukakamize kuziulula, ndipo loyayo saloledwa kuzinena mwini wake asanavomere.

Ambiri amangozimvera patali zimenezi, n'kumaganiza kuti chilichonse chimene chadutsa m'manja mwa loya ndiye kuti chatsekeredwa basi. Ena amaona ngati ndi chinyengo chimene maloya anadzikonzera kuti azibisa zigawenga. Maganizo onsewa ndi olakwika, ndipo oyambawo ndi amene amapweteketsa anthu kwambiri, chifukwa munthu amataya chitetezo chake ndi manja ake ali ndi chikhulupiriro chonse kuti ngotetezedwa.

Tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zimene zimafanana nkhope. Loya ali ndi udindo wosunga chinsinsi, monga alili dokotala kapena wogwira ntchito kubanki: asamakambe nkhani zanu kwa anzake, kwa mkazi wake kapena kwa atolankhani. Udindo umenewu ndi wotakata, umakhudza pafupifupi chilichonse chimene wadziwa pokugwirirani ntchito, koma khothi likalamula umagonja. Chitetezo chimene tikukamba pano n'chopapatiza, koma n'cholimba kwambiri, chifukwa chimaimitsa khothi lenilenilo, apolisi, otolera misonkho ndi mbali inayo ya mlandu. Mwini wake si loya. Ndi kasitomala. Loya amangochigwirizira, ndipo alibe mphamvu yochitaya ngakhale atafuna kutero kuti adziyeretse pamaso pa anthu.

Lamuloli n'lakale. Mlandu umene umatchulidwa kawirikawiri monga chiyambi chake ndi wa Berd v Lovelace, wa mu 1577 ku England, pamene loya anakhululukidwa kuti asachitire umboni pa nkhani imene iye ankagwirapo ntchito. Nthawi imeneyo chifukwa chake chinali ulemu wa loyayo, kuti munthu wolemekezeka saulula zimene anauzidwa m'khutu. Patapita zaka chifukwacho chinasintha. Pofika mu 1833, pa mlandu wa Greenough v Gaskell, jaji Lord Brougham anafotokoza kuti nkhani si ulemu wa maloya ayi, koma kuti munthu wamba sangadziyendere yekha m'malamulo, ndipo ngati zimene wauza womuthandiza zikhoza kutembenuzidwa n'kumulasa nazo, sadzapita kwa loya, kapena akapita adzangonena theka.

Si onse anavomereza. Jeremy Bentham, katswiri wa ku England amene anamwalira mu 1832, analitsutsa lamuloli kotheratu, ndipo mfundo yake inali yakuthwa: wosalakwa alibe choopa loya wake akaulula, nanga wolakwa akasowa pobisala dziko lataya chiyani? Mfundoyi imamveka mpaka mutaganizira mmene anthu enieni amafikira kwa loya. Ambiri sadziwa ngati ali olakwa pamaso pa lamulo kapena ayi, ndipo n'chimene apitirako. Taganizani za mayi amene mwamuna wamulowera m'nyumba usiku ndi mpeni, iye n'kumumenya ndi chitsulo, mwamunayo n'kufera pomwepo. Mumtima mwake wadziweruza kale kuti wapha munthu. Akadziwa kuti zimene anene kwa loya zikafika kupolisi, adzati tsikulo kunalibe, anagona kwa mchemwali wake. Loya adzamanga mlandu wonse pa bodza limenelo, bodzalo lidzagwa akamapanikizidwa ndi mafunso, ndipo mayiyo adzamangidwa pamene choonadi, chakuti ankadziteteza, chikanamumasula.

Komanso tisaiwale kuti zokambirana zambiri za maloya sizikhudza mlandu wa kupolisi n'komwe. Munthu amapita kukafunsa ngati angachotse wantchito mwanjira yakuti, ngati angagulitse malo amene ali pa chikole, ndipo loya amamuuza kuti musayerekeze. Kuphwanya malamulo kochuluka kumathera m'chipinda chimenecho, kusanachitike, chifukwa munthu anamasuka kunena zimene zinali m'mutu mwake.

Chitetezochi chili ndi nthambi ziwiri. Yoyamba imateteza uphungu: zolankhulana zachinsinsi za loya ndi kasitomala, zapakamwa kapena zolembedwa, zimene cholinga chake ndi kupempha kapena kupereka uphungu wa zamalamulo, kaya pali mlandu kaya palibe. Yachiwiri imateteza kukonzekera mlandu, ndipo imafika mpaka kwa anthu ena: zimene loya walemba pocheza ndi mboni, lipoti limene wapempha kwa dokotala kapena injiniya kuti aone ngati mlandu uli ndi miyendo. Nthambi yachiwiriyi imagwira ntchito pokhapokha mlandu utayamba kapena ukuonekeratu kuti ukubwera, ndiponso chikalatacho chikhale kuti chinapangidwa makamaka chifukwa cha mlanduwo.

Mawu akuti makamaka ndi amene amavutitsa. Mu 1979, House of Lords, khothi limene panthawiyo linali lomaliza ku Britain, linaweruza mlandu wa Waugh v British Railways Board. Mayi wina anasumira bungwe la njanji mwamuna wake atafa pa ngozi ya sitima ali pantchito. Bungwelo linali ndi lipoti la mkati lofotokoza mmene ngoziyo inachitikira, ndipo linakana kulipereka ponena kuti linalembedwa kuti likapite kwa loya wawo. Zinapezeka kuti lipotilo linali ndi zolinga ziwiri zolemera mofanana, kukonza chitetezo cha panjanji ndi kukonzekera milandu. Majaji anati popeza kukonzekera mlandu sikunali cholinga chachikulu, lipotilo liperekedwe kwa mayi wamasiyeyo. Chigamulo chimenechi ndimachikonda, chifukwa chikanapita kwina bungwe lililonse likanamangodinda pamwamba pa lipoti la ngozi kuti ili n'la loya, ndipo ovulala sakanamadziwa chimene chinawavulaza. Australia poyamba inkafuna kuti mlandu ukhale cholinga chokhacho, koma mu 1999 khothi lake lalikulu linasinthira ku muyeso womwewu.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphunthwa. Chimene chimatetezedwa ndi kukambiranako, osati zimene zinachitika. Woyankha mlandu wa ngozi ya pamsewu sangafunsidwe kuti munamuuza chiyani loya wanu za liwiro la galimoto, koma akhoza kufunsidwa kuti munkathamanga bwanji, ndipo kuti anauzako loya sikumupatsa ufulu wonama kapena wokana kuyankha. Chimodzimodzi zikalata zimene zinalipo kale. Malisiti, mabuku a ndalama, makalata amene munalemberana ndi mnzanu wa bizinesi chaka chatha, sizisanduka zachinsinsi chifukwa mwazinyamula n'kukazisiya mu ofesi ya loya. Ngati khothi likanatha kuzifuna zili m'kabati mwanu, lingazifunenso zili m'kabati mwake. Mpeni umene wagwiritsidwa ntchito pa mlandu, loya sangausunge kuti apolisi asaupeze. Ndipo chizolowezi cha m'maofesi choika dzina la loya pa imelo iliyonse, kapena kulemba pamwamba kuti zachinsinsi, sichiteteza kanthu ngati imeloyo ikukamba za mitengo ya katundu ndi malonda. Khothi limayang'ana zimene zili mkati ndi chifukwa chimene zinalembedwera.

Uphunguwo uyeneranso kuchokera kwa loya amene akugwira ntchito ya uloya. Mu 2013 khothi lalikulu la ku United Kingdom linakana pempho la kampani ya Prudential lakuti uphungu wa malamulo a misonkho umene inalandira kwa akatswiri owerengera ndalama utetezedwe ngati wa loya. Majaji asanu anakana, awiri anavomera, ndipo ena mwa okanawo anavomereza kuti kusiyanitsaku n'kovuta kukufotokoza bwino, koma anati kukulitsa lamuloli ndi ntchito ya nyumba ya malamulo. Za maloya olembedwa ntchito m'kampani, mayiko amasiyana. Ku England ndi ku United States uphungu wawo wa zamalamulo umatetezedwa. Koma mu 2010, pa mlandu wa Akzo Nobel, khothi la European Union linati pa kafukufuku wa bungwelo wokhudza mpikisano wa malonda, loya wolandira malipiro a pamwezi kwa kampani sali womasuka mokwanira kwa bwana wake, choncho makalata ake akhoza kutengedwa.

Kampani imabweretsa funso lina: kasitomala ndi ndani, poti kampani ilibe pakamwa? Ku United States yankho linabwera mu 1981 pa mlandu wa Upjohn, kampani yopanga mankhwala imene inazindikira kuti nthambi zake zakunja zinkapereka ndalama kwa akuluakulu a maboma. Loya wamkulu wa kampaniyo anatumiza mafunso kwa mamanijala, ndipo otolera misonkho anafuna kuona mayankhowo. Khothi lalikulu linati ndi otetezedwa, chifukwa amene amadziwa zimene zinachitika nthawi zambiri si mabwana apamwamba koma antchito apansi. England inapita njira yopapatiza. Banki ya BCCI itagwa mu 1991, Bank of England, banki yaikulu ya dzikolo, inasankha akuluakulu ake atatu kuti azilumikizana ndi maloya pa kafukufuku amene anatsatira, ndipo mu 2003 khothi la apilo, pa mlandu wa Three Rivers, linati atatu okhawo ndiwo kasitomala. Zimene antchito ena onse analemba pothandiza maloyawo zinatsala pamtunda.

Wantchito wamba ayenera kuimva bwino mbali imeneyi. Mukaitanidwa m'chipinda ndi loya wa kampani, n'kukuuzani kuti tikungofufuza pang'ono, masukani, dziwani kuti loyayo si wanu. Chinsinsi cha zimene munene ndi cha kampani, ndipo kampani ikhoza kusankha mawa kuzipereka kupolisi kuti idzipulumutse, inu osafunsidwa. Loya wachilungamo amanena zimenezi musanatsegule pakamwa, ndipo ku United States chenjezo limeneli limadziwika ndi dzina la mlandu wa Upjohn womwewo.

Malire odziwika kwambiri ndi a upandu ndi chinyengo. Mu 1884, pa mlandu wa R v Cox and Railton, anthu awiri ochitira limodzi bizinesi ya nyuzipepala anapita kwa loya, mmodzi wa iwo atagonja pa mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Anafunsa mmene katundu angapulumukire kuti wopambana mlanduyo asamulande, kenako anakonza zikalata zachinyengo zosonyeza ngati mgwirizano wawo unatha kalekale. Loyayo sankadziwa zolinga zawo. Khothi linalola kuti achitire umboni, ponena kuti kuthandizira upandu si mbali ya ntchito ya loya, choncho chitetezo sichinayambe n'komwe. Kusiyana kwake ndi uku: amene wabwera kudzanena kuti ndinaba, ndithandizeni pa mlandu wanga, ndi wotetezedwa. Amene wabwera kudzafunsa mmene angabere bwino, kapena mmene angabisire zimene khothi lalamula kuti abweze, si wotetezedwa, ngakhale loyayo atakhala wosalakwa ngati khanda.

Khomo limeneli ndi limene linatsegula zinsinsi za makampani a fodya. Pa mlandu umene boma la Minnesota ku United States linawasumira, khothi linalamula mu 1998 kuti zikalata pafupifupi 39,000 zimene ankati n'zotetezedwa ziperekedwe. Zina mwa izo zinaonetsa kuti kafukufuku wokhudza kuopsa kwa kusuta ankamudutsitsa dala m'manja mwa maloya kuti asadzaoneke kukhothi. Amene amadandaula kuti lamuloli limatumikira olemera ali ndi pogwira akamatchula nkhani imeneyi, ndipo sindikuona chifukwa chowatsutsira. Lamulo limene linapangidwira munthu wamantha amene akunjenjemera pamaso pa loya likhoza kusanduka mpanda wa kampani imene ili ndi maloya mazana.

Ena amafunsa kuti nanga loya amene kasitomala wamuuza kuti ndinaphadi amaimira bwanji munthu woteroyo. Saloledwa kuulula, koma saloledwanso kunamiza khothi. Akhoza kupanikiza mboni za boma, kusonyeza kuti umboni ndi woperewera, n'kunena kuti boma silinatsimikize mlandu. Sangaimike kasitomalayo kuti alumbire zabodza, kapena kuloza munthu wina amene akudziwa kuti ndi wosalakwa. Kasitomala akaumirira bodza, loya amasiya mlanduwo popanda kunena chifukwa chake.

Tsopano pofika povuta penipeni. Bwanji ngati zimene zili m'faelo ya loya zikhoza kupulumutsa munthu wina wosalakwa? Mu 1978 mtsikana wa zaka 16 anaphedwa ku England. Mnyamata wina, amene m'mabuku a khothi amangotchedwa B, anavomera kupolisi kuti anamupha yekha. Mlandu usanayambe anasintha, n'kunena kuti anapha ndi bambo ake omupeza, iye anangokakamizidwa kukhalapo. Khothi linamumasula. Mu 1992 bambo omupezawo anaimbidwa mlandu wakuphawo, ndipo B anali mboni ya boma. Maloya a bambowo anapempha kuona zimene B anauza loya wake poyamba, asanasinthe mawu. Mfundo yawo inali yomveka: B anamasulidwa kale, malinga ndi malamulo a nthawiyo sakanazengedwanso mlandu womwewo, ndiye ataya chiyani, poyerekeza ndi munthu amene akhoza kukhala kundende moyo wake wonse? Mu 1995 House of Lords inakana. Mmodzi wa majajiwo, Lord Taylor, anafotokoza kuti chitetezochi si lamulo wamba la umboni koma maziko amene chilungamo chonse chakhalapo, ndipo kuti mukangolola jaji kumayeza mbali ziwiri pa mlandu uliwonse, loya sangathenso kulonjeza kasitomala aliyense kuti zimene anene sizidzatuluka.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Lonjezo limaperekedwa munthu asanalankhule. Ngati lonjezolo likuti sindidzaulula pokhapokha jaji wina, zaka khumi zikubwerazi, atadzaona kuti n'koyenera, munthu wanzeru adzatseka pakamwa. Ndipo akatseka, umboni umene timafuna kudzaupeza m'faelomo sudzakhalamo n'komwe.

Canada sinafike pamenepo. Mu 1999, pa mlandu wa Smith v Jones, dokotala wa matenda a maganizo amene anatumidwa ndi loya wa wozengedwa mlandu anauzidwa ndi munthuyo mwatsatanetsatane mmene ankakonzera kugwira ndi kupha akazi oyendayenda. Khothi lalikulu linalola kuti dokotalayo achenjeze, litaika zofunika zitatu: pakhale munthu kapena gulu lodziwika limene lili pangozi, ngoziyo ikhale ya imfa kapena kuvulala koopsa, ndipo ikhale yayandikira. Mu 2001, pa mlandu wa R v McClure, linatsegulanso kampata kena kakang'ono ka munthu amene angamangidwe wosalakwa ndipo alibe njira ina iliyonse yodziyeretsera.

Nkhani ya Alton Logan imasonyeza mtengo wa mbali inayo. Anamangidwa moyo wonse pa mlandu wopha mlonda pa lesitanti ya McDonald's ku Chicago mu 1982. Munthu wina, Andrew Wilson, amene ankazengedwa mlandu wopha apolisi awiri, anauza maloya ake kuti mlondayo anamupha ndi iye. Maloyawo sakanatha kuulula. Analemba chikalata cholumbira chonena kuti akudziwa kuti Logan ndi wosalakwa, n'kuchitsekera m'bokosi lachitsulo, ndipo Wilson anawalola kudzachitulutsa iye akadzamwalira. Anamwalira mu 2007. Logan anatuluka mu 2008, atakhala m'ndende zaka 26. Ine ndimakhulupirira kuti chitetezochi chiyenera kukhala cholimba, ndipo mfundo ya Lord Taylor ndimaimva. Koma zaka 26 za munthu wosalakwa si chinthu chimene ndingachitche mtengo woyenera kulipira, ndipo ndikuona kuti kampata kopapatiza ngati ka ku Canada, kotsegulidwa ndi jaji yekha zina zonse zitakanika, sikangagwetse nyumba yonse. Amene amaopa kuti kampata kakang'ono kamakula ndi nthawi sakuopa zachabe, komabe pa ziwirizi ndingasankhe mantha amenewo.

Milandu ngati imeneyi ndi yosowa. Tsiku ndi tsiku chitetezochi sichilandidwa ndi khothi, chimatayidwa ndi mwini wake. Popeza maziko ake ndi chinsinsi, chinsinsicho chikatha nachonso chimatha. Munthu walandira kalata ya uphungu kwa loya, wasangalala nayo, waijambula pafoni n'kuiponya pagulu la WhatsApp la anthu makumi asanu, kapena wailemba pa Facebook pofuna kuopseza amene akukangana naye. Madzi akatayika saoleka. Ngakhale kupita kwa loya ndi mnzanu wongokuperekezani kuli ndi ngozi yake, chifukwa m'mayiko ena kukhalapo kwa munthu wosafunika pa zokambiranazo kumasonyeza kuti sizinali zachinsinsi. Womasulira chinenero kapena mlembi wa loya alibe vuto, poti ndi mbali ya ntchitoyo. Kuonetsa uphungu kwa munthu mmodzi amene muli naye mbali imodzi pa nkhaniyo, mutagwirizana kuti ausunge, nthawi zambiri sikuutaya kwa anthu ena onse, koma zimenezi n'zofunika kufunsa loya musanachite, osati mutachita.

M'khothi muli lamulo lina la chilungamo: simungasankhe zokukomerani zokha. Mukatulutsa mbali ya uphungu kuti ikuthandizeni, mbali inayo ili ndi ufulu woona zonse zokhudza nkhani imodzimodziyo, kuti ione ngati simunadule pamene pakukupwetekani. Mu 1981, pa mlandu wa Great Atlantic Insurance v Home Insurance, loya anawerenga mokweza m'khothi ndime ziwiri za chikalata china, osadziwa kuti chikalatacho chinali ndi ndime zina zotetezedwa. Khothi la apilo la ku England linati chonse chiperekedwe. Onani kuti kasitomala sanafunsidwe n'komwe. Loya akamayendetsa mlandu m'khothi amalankhula m'dzina la kasitomala, ndipo kuphonya kwake kumagwera kasitomalayo.

Chimodzimodzi munthu amene akudziteteza ponena kuti ndinachita zimenezi chifukwa loya wanga anandiuza kuti n'zololedwa. Waika yekha uphunguwo pakati pa bwalo, ndipo sangakane kuti uwerengedwe. Amene wasumira loya wake kuti anamugwirira ntchito mosasamala watsegulanso faelo ya nkhaniyo, chifukwa loyayo ayenera kudziteteza ndi zimene anauzidwa ndi zimene analangiza.

Nanga chikalata chikapita kwa mbali inayo mwangozi? Masiku ano zimachitika kawirikawiri, poti milandu ikuluikulu imakhala ndi zikalata zankhaninkhani za pakompyuta. Mu 2013 khothi lalikulu la ku Australia linaweruza mlandu wa Expense Reduction Analysts, pamene pa zikalata pafupifupi 60,000 zimene zinaperekedwa panalowerera 13 zotetezedwa. Maloya amene anazilandira anakana kubweza. Khothi linati kulakwitsa koonekeratu si kutaya ufulu, linalamula kuti zibwezedwe, ndipo linadzudzula kuwononga nthawi ndi ndalama pa mkangano umene ukanatha ndi kalata imodzi. Chofunika ndi kufulumira. Amene wazindikira kulakwitsa n'kukhala chete mpaka chikalatacho chitawerengedwa m'khothi amapeza kuti palibenso chobweza.

Funso la nthawi lili ndi yankho lalifupi pa nthambi ya uphungu: chimene chatetezedwa chimakhala chotetezedwa mpaka kalekale. Mfundo imeneyi inanenedwa pa mlandu wa Calcraft v Guest mu 1898. Mlandu ukatha, chitetezo chilipobe. Mukasiyana ndi loya wanu, ngakhale mutasiyana moipa, chilipobe. Loya akapuma pantchito amapita nacho. Ngakhale imfa ya kasitomala sichichotsa, ndipo mphamvu yochisunga kapena kuchitaya imapita kwa oyang'anira chuma chake.

Za imfazi zinayesedwa kwambiri ku United States. Mu July 1993, Vincent Foster, mmodzi wa maloya akuluakulu ku White House nthawi ya Bill Clinton, anapita kwa loya James Hamilton kukafuna uphungu pa kafukufuku amene ankayembekezeka. Hamilton analemba pamanja masamba atatu. Patapita masiku 9 Foster anadzipha. Wofufuza milandu Kenneth Starr anafuna masambawo, ponena kuti wakufa sangamangidwe, choncho alibe chotaya. Mu 1998 khothi lalikulu linakana, majaji 6 kwa 3. Linati munthu akamalankhula ndi loya saganiza za ndende yokha. Amaganiza za mbiri yake, za chuma chimene adzasiyire ana, za abale ndi anzake amene angapwetekedwe, ndipo kuopa kuti zidzaululika iye atapita kukhoza kumutseka pakamwa mofanana ndi kuopa kuti ziululika ali moyo. Pali mpata umodzi wodziwika: abale akamakangana za wilo ya malemu, loya amene anailemba akhoza kunena zimene anauzidwa, chifukwa onse okanganawo akuti akutsata zofuna za malemuyo, ndipo kuulula kumathandiza kuti zofunazo zichitike.

Nthambi yokonzekera mlandu ndi imene mayiko amasiyana. Ku England imapitirira mlandu utatha. Ku Canada, khothi lalikulu linagamula mu 2006, pa mlandu wa Blank, kuti imatha pamodzi ndi mlanduwo, pokhapokha ngati pali mlandu wina wogwirizana nawo kwambiri umene udakalipo kapena ukubwera. Maganizo awo anali akuti nthambi imeneyi inapangidwa kuti mbali iliyonse ikonzekere popanda inzake kusuzumira, ndipo mkangano ukatha palibenso wosuzumira.

Kampani nayo imafa, ndipo ilibe ana olowa m'malo. Mu 2019 khothi la apilo la ku England linakumana ndi funso limeneli pa mlandu wa Addlesee v Dentons. Anthu amene anataya ndalama zawo mu bizinesi ya golide anafuna kuona mafaelo amene maloya anasunga a kampani imene inayendetsa bizinesiyo, kampaniyo itathetsedwa kale. Iwo ankati palibenso munthu amene angaimirire n'kunena kuti chinsinsichi n'changa. Khothi linayankha kuti chitetezo chimamatirira pa chikalata kuyambira tsiku limene chinalembedwa, ndipo chimachoka pokhapokha wina amene ali ndi mphamvu atachichotsa. Kusowa kwa wochichotsa sikutanthauza kuti chachoka. Odandaulawo anabwereranso kukhothi ndi mfundo ina, yakuti bizinesiyo inali yachinyengo kuyambira pachiyambi, ndipo mu 2020 khothi linavomera kuti pali umboni wokwanira wa chinyengocho, mafaelowo n'kutsegulidwa.